W3C: Mbiri ya Bungwe Lopanda Apolisi ndi Kabokosi ka m'Tebulo

M'chaka cha 1998, wolemba masamba a pa intaneti akauzidwa ndi abwana kuti pa tebulo la mitengo ya katundu, kabokosi kalikonse kokhala ndi mtengo wodutsa malire kazisanduka kofiira, ankangopumira m'mwamba. Si kuti ntchitoyo inkafuna nzeru zakuya. Ngakhale mwana wa pulayimale angaifotokoze: yamba pa mzere woyamba, suzumira m'kabokosi koyamba, ukapezamo nambala yaikulu paka utoto, ikakhala yaing'ono pita kotsatira. Mzere ukatha tsikira pa wina, mpaka tebulo lonse lithe. Eni ntchitoyi amati kuyenda kotere ndi loop, ndipo sikusiyana ndi mmene wowerenga mamita a madzi amayendera nyumba ndi nyumba, msewu ndi msewu.

Chotopetsa chinali chakuti mapulogalamu awiri otsegulira masamba amene anthu ambiri ankagwiritsa ntchito, Netscape Navigator 4 ndi Internet Explorer 4, sankamvana pa nkhani imeneyi. Browser ya Microsoft inkalola kapulogalamu ka JavaScript kufika pa chinthu chilichonse cha patsamba kudzera pa khomo lotchedwa document.all. Ya Netscape inali ndi khomo lakelake, document.layers, ndipo kumeneko kabokosi wamba ka m'tebulo sikankasinthikanso tsamba likangomaliza kutseguka. Wofuna kusangalatsa mbali zonse ankagwira ntchito imodzi kawiri. Waulesi ankangopachika chikwangwani m'munsi mwa tsamba chouza mlendo kuti abwerenso ndi browser yakutiyakuti.

Bungwe limene linadzisenzetsa udindo wothetsa chipwirikitichi ndi World Wide Web Consortium, lomwe aliyense amangoliti W3C. Ena amafotokoza mbiri yake potchula misonkhano ya akuluakulu ndi milu ya zikalata, koma imaoneka bwino munthu akaiyang'anira pa kabokosi kamodzi ka m'tebulo.

Tim Berners-Lee, katswiri wa makompyuta wa ku Britain, analemba maganizo ake a Web mu Malichi 1989 akugwira ntchito ku CERN, malo a kafukufuku wa sayansi omwe ali pafupi ndi mzinda wa Geneva, m'malire a Switzerland ndi France. Pa 30 Epulo 1993, CERN inalengeza kuti luso limeneli ndi la aliyense, palibe wolipira. Makampani anathamangirako ngati ana othamangira ngumbi mvula yoyamba itagwa, ndipo aliyense anayamba kuwonjezera zakezake pa HTML, chinenero cholembera masamba. Berners-Lee anaona kumene zinkalowera: posakhalitsa kukanakhala ma Web angapo osalankhulana. Mu 1994 anasamukira ku Massachusetts Institute of Technology ku America, komwe Michael Dertouzos, mkulu wa Laboratory for Computer Science, anamupatsa malo, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho W3C inabadwa. Thandizo loyamba linachokera ku DARPA, nthambi ya kafukufuku ya unduna wa zachitetezo ku America, ndi ku European Commission. CERN ndiyo inkayembekezeka kulisunga bungweli ku Ulaya, koma kumapeto kwa 1994 inasankha kuika chuma chake pa chimakina cha Large Hadron Collider, choncho INRIA ya ku France inatenga malowo mu 1995. Yunivesite ya Keio ya ku Japan inalowa mu 1996.

Kakhalidwe ka bungweli kanali kachilendo. Kwa zaka zoposa 28 silinalembetsedwe ngati kampani kapena bungwe loima palokha. Linali ngati mlendo wogona m'nyumba zingapo nthawi imodzi: antchito ake ankalembedwa ntchito ndi masukulu ndi malo a kafukufuku omwe ankalisunga, ndipo ndalama zambiri zinkachokera ku msonkho wa pachaka wa mamembala, omwe ndi makampani, mayunivesite ndi nthambi za maboma. Chinthu china chofunika kuchimvetsa n'chakuti W3C ilibe apolisi. Bungwe loona za miyezo m'dziko likhoza kulanda sikelo yachinyengo pamsika. W3C singalande browser ya munthu. Chikalata chake chikapsa bwinobwino chimatchedwa Recommendation, kutanthauza malangizo chabe. Kampani ikawanyalanyaza, palibe khoti loitengerako.

HTML yoyambirira inalibe matebulo n'komwe. Ngakhale HTML 2.0, imene bungwe lina la IETF linatulutsa mu Novembala 1995, sinawatchule. Amene anawalimbikira ndi Dave Raggett, yemwe ankagwira ntchito ku Hewlett-Packard mumzinda wa Bristol. Iye anali atawaika kale m'maganizo ake a HTML+ mu 1993, ndipo mu Meyi 1996 anatulutsa chikalata chathunthu cha matebulo, RFC 1942. Koma opanga ma browser sanadikire mapepala. Pofika 1995, Netscape 1.1 inali ikuonetsa kale matebulo, ndipo anthu anali atayamba kuwagwiritsa ntchito. Choncho W3C itatulutsa HTML 3.2 pa 14 Januwale 1997, kwakukulukulu inangolemba zimene zinali zikuchitika kale: tebulo ndi table, mzere ndi tr, kabokosi wamba ndi td, kabokosi ka mutu ndi th. M'zokambirana zomwezo munachitikanso kusinthana kwa pamsika. Netscape inali ndi chizindikiro cha blink chothwanimitsa mawu, Microsoft inali ndi marquee choyendetsa mawu ngati nyerere, ndipo mbali zonse zinavomera kuti ziwiri zonsezi zisalowe m'chikalatacho. Amene maso awo anawawapo ndi masamba a nthawi imeneyo angavomereze kuti apa bungweli linathandiza.

Tebulo linapangidwira manambala, koma okonza masamba analipezera ntchito ina. Poti panalibe njira yabwino yoikira chithunzi kumanzere ndi nkhani kumanja, iwo anasandutsa tsamba lonse tebulo lobisika mizere, n'kuika matebulo ena m'kati mwa timabokosi take, ndi enanso m'kati mwa amenewo. Buku la David Siegel la 1996, Creating Killer Web Sites, linafalitsa kwambiri luso limeneli. Mtundu wa kabokosi unkalembedwa pa kabokosi pomwepo ndi mawu akuti bgcolor, ndipo maonekedwe a zilembo ankabwerezedwa m'kabokosi kalikonse ndi chizindikiro cha font. Tebulo la mizere 50 ndi timabokosi 6 pa mzere linkafuna kuti zimenezi zilembedwe ka 300. Abwana akasintha maganizo pa mtundu, ka 300 kenanso.

Mankhwala oyamba anali CSS. Håkon Wium Lie wa ku Norway anapereka ganizoli mu Okutobala 1994 ali ku CERN, Bert Bos wa ku Netherlands anagwirizana naye, ndipo CSS1 inakhala Recommendation pa 17 Disembala 1996. Mfundo yake inali yakuti zolembedwa zikhale kwina, zovala zake kwina. Munthu alembe kamodzi kuti timabokosi ta gulu lakuti tikhale tofiira, kenako azingouza kabokosi kuti iwe ndiwe wa gulu limenelo. HTML 4.0, ya mu Disembala 1997, inatsatira njira yomweyo: inaika bgcolor ndi font pa mndandanda wa zinthu zoyenera kusiyidwa, n'kugawa tebulo m'zigawo zitatu, mutu, thupi ndi mapazi, zomwe ndi thead, tbody ndi tfoot.

Koma CSS yokha sinkatha kusintha kanthu tsamba litatseguka kale. Imeneyo inali ntchito ya JavaScript, ndipo JavaScript si mwana wa W3C. Brendan Eich anailemba ku Netscape mu Meyi 1995, Microsoft inapanga yofanana nayo n'kuitcha JScript mu 1996, ndipo muyezo wa chinenerocho unakakhazikitsidwa ku bungwe la Ecma ku Geneva mu Juni 1997. Ecma inanena mmene loop ilembedwere. Sinanene kuti loopyo izikapeza kuti mizere ndi timabokosi. Mapu a tsamba anatsalira W3C.

Gulu lolemba mapuwo linayamba ntchito mu 1997 motsogozedwa ndi Lauren Wood wa kampani ya SoftQuad. Pa tebulo lake panakhala adani enieni a pamsika: Vidur Apparao wa Netscape, Chris Wilson ndi Scott Isaacs a Microsoft, pamodzi ndi anthu a IBM, Sun ndi makampani ena. Kunja makampani awo ankalimbirana makasitomala mopanda chisoni, m'katimo ankakangana za dzina la chinthu chilichonse. Zotsatira zake zinatuluka pa 1 Okutobala 1998 ndi dzina lakuti Document Object Model Level 1, mwachidule DOM.

DOM imaona tsamba ngati banja. Chinthu chilichonse chili ndi kholo, chikhoza kukhala ndi ana, ndipo obadwa kwa kholo limodzi ndi apachibale. Mawu amenewa si ongokometsera nkhani, ndi omwe alidi m'chikalatacho: parentNode, childNodes, firstChild, nextSibling. Tebulo ndi agogo, tbody ndi kholo, mizere ndi ana, timabokosi ndi zidzukulu. Kwa ogwira ntchito ndi matebulo, chikalatacho chinaperekanso njira zachidule, zambiri zofanana ndi zimene Internet Explorer 4 inali nazo kale. Tebulo lililonse linapatsidwa mndandanda wa mizere yake wotchedwa rows, mzere uliwonse mndandanda wa timabokosi take wotchedwa cells. Mzere umadziwa malo ake kudzera mu rowIndex, kabokosi kudzera mu cellIndex, ndipo kuwerenga kumayambira pa 0, osati pa 1, chinthu chimene chimapunthwitsa wophunzira aliyense sabata yake yoyamba. Wofuna timabokosi tonse nthawi imodzi, osasamala za mizere, ankaitana getElementsByTagName n'kutchula td. Apa ntchito ya abwana ija inakhala ya mizere yochepa: loop yakunja yoyenda m'mizere, loop yam'kati yoyenda m'timabokosi, ndi funso limodzi pakati.

Kupaka utotowo kunalongosoledwa mokwanira mu DOM Level 2, ya mu Novembala 2000, imene inapatsa chinthu chilichonse kachikwama ka zovala kotchedwa style. Pali tinthu tiwiri tating'ono pano timene timasonyeza kuti miyezo imalembedwa ndi anthu okakamizika kulolerana. Mu CSS mtundu wakumbuyo umalembedwa background-color, koma kwa JavaScript kamzere kapakatiko ndi chizindikiro chochotsera, ngati kuti munthu akuti background kuchotsapo color. Choncho dzinalo linakhala backgroundColor. Komanso mawu akuti class anali osungidwa kale m'chinenerocho, ndiye gulu la kabokosi linatchedwa className. Mpaka lero ophunzira amakanda mutu pa mayina awiriwa.

Papepala nkhondo inatha. M'makompyuta a anthu inapitirira zaka zina khumi.

Okonza masamba atatopa ndi kulemba kawiri anadzipangira gulu lawo mu 1998, la Web Standards Project, ndipo mwa oyambitsa ake munali George Olsen, Glenn Davis ndi Jeffrey Zeldman. Gululi linagwira ntchito imene W3C sinkatha kugwira yokha poti olakwawo anali mamembala ake olipira: linkachititsa manyazi makampani pagulu. Internet Explorer 5 ya 1999 inayamba kumvera mbali zina za DOM. Netscape 6 ya mu Novembala 2000 inamangidwa mwatsopano, n'kutayiratu document.layers, ngakhale izi zinagwetsa masamba ambiri akale. Kenako Microsoft itapambana msika ndi Internet Explorer 6 mu 2001, inakhala pansi. Yotsatira inadzatuluka mu 2006.

M'zaka zimenezo aliyense wolemba ma script a matebulo anali ndi mabala ake. Ma browser a Mozilla ankawerenga mpata wopanda kanthu pakati pa tr ndi td ngati mwana wa mzerewo, monga muyezo unkanenera, pamene Internet Explorer inkaudumpha. Ndiye wina akati ndipatseni mwana woyamba wa mzerewu, kwina ankalandira kabokosi, kwina ankalandira mpweya, ndipo poyesa kupaka utoto mpweyawo script inkafera pomwepo. Womanga tebulo ndi script n'kuiwala tbody ankapeza kuti mu Internet Explorer simukuoneka chilichonse. Browser yomweyo inkakana kuti innerHTML, njira yachidule imene Microsoft yomweyo inayambitsa, igwiritsidwe ntchito polemba mizere ya tebulo. Msampha wina unachokera m'chikalata cha W3C chenichenicho: mindandanda ya rows ndi cells ndi yamoyo, imasintha pomwe tsamba lasinthira. Wofufuta mizere akuyenda kuchokera pamwamba ankadumpha mzere umodzi pa iwiri iliyonse, chifukwa akachotsa wachitatu, wachinayi unkakwera kukhala wachitatu iye atadutsa kale. Akale pa ntchitoyi anaphunzira kuyambira pansi kukwera.

Chitsanzo chodziwika cha nthawiyo ndi tebulo la mbidzi, lomwe mizere yake imasinthana, wina woyera wina wotuwa, kuti diso lisasochere. Mu Malichi 2004 magazini ya A List Apart inasindikiza nkhani ya David F. Miller yotchedwa Zebra Tables, yosonyeza script yoyenda m'thupi la tebulo, m'mizere, mpaka m'kabokosi kalikonse, n'kumaika backgroundColor mosinthanasinthana. Anthu ambiri anaikopera. Kanthu kooneka kachibwana kotere kankafunabe ma loop olowana atatu, patatha zaka zoposa zisanu ndi ziwiri CSS itabadwa.

Pa nthawi yomweyo W3C inali ndi mikangano yake ya m'nyumba. Mu 2001 inatulutsa ganizo lolola kuti miyezo ina izikhala ndi luso la eni ake lofunika kulipira, ndipo anthu anakwiya kwambiri moti ganizolo linabwezedwa. Ndondomeko imene inavomerezedwa mu 2003 inati mamembala olemba nawo muyezo azilola aliyense kuugwiritsa ntchito kwaulere. Chisankho chimenechi n'chimene chimachititsa kuti wophunzira wa ku Zomba kapena ku Chipata alembe tsamba lake popanda kupempha chilolezo kwa wina aliyense.

Pa nkhani ya HTML, komabe, bungweli linasochera. Atsogoleri ake anaona kuti masamba ambiri ndi olembedwa mosasamala, timabokosi tosatsekedwa, mizere yolowerana, ndipo anaganiza zoyambiranso ndi chinenero chaukhondo. XHTML 1.0, yotsatira malamulo okhwima a XML, inatuluka mu Januwale 2000, ndipo XHTML 2 imene inkakonzedwa pambuyo pake sinkasamala zogwirizana ndi masamba akale. Pa malamulo a XML, kuiwala kutseka td imodzi kunkachititsa kuti browser ikane tsamba lonse. Kwa akatswiri izi zinali zokongola. Kwa mwini sitolo yemwe tsamba lake likugwira ntchito ngakhale lili lopindika, zinali zopanda mutu. Mu Juni 2004, pa msonkhano wa W3C ku San Jose, anthu a Mozilla ndi Opera, opanga ma browser, anapempha kuti bungweli lipitirize kukonza HTML ndi DOM zomwe zinalipo. Anagonja pa voti. Patangopita masiku ochepa, iwo pamodzi ndi anthu a Apple analengeza gulu lawolawo, WHATWG, ndipo Ian Hickson anakhala mlembi wa chikalata chake.

Njira ya gulu latsopanoli inali yosiyana. M'malo molamula mmene masamba ayenera kukhalira, linafufuza zimene ma browser amachitadi akakumana ndi tsamba lopindika, n'kuzilemba mwatsatanetsatane kuti onse azichita chimodzimodzi. Matebulo ndiwo anatenga malo aakulu m'malamulo amenewa. Wolemba akaiwala tbody, browser iziikamo yokha. Akayamba td yatsopano asanatseke yakale, yakaleyo itsekedwe. Ndipo mawu akapezeka atasochera m'kati mwa tebulo, osakhala m'kabokosi kalikonse, atulutsidwe n'kuikidwa patsogolo pa tebulolo kuti kholo lina liwasunge. Chikalatacho chimatcha zimenezi foster parenting, kulera mwana wa eni. Banja lija la 1998 linapeza ndi malamulo a ana osowa kwawo.

Mu Okutobala 2006 Berners-Lee anavomereza poyera kuti kuyesa kusamutsira dziko lonse ku XML nthawi imodzi sikunatheke. Chaka chotsatira W3C inatsegulanso gulu la HTML n'kutenga ntchito ya WHATWG ngati poyambira, mu 2009 inasiya XHTML 2, ndipo HTML5 inakhala Recommendation pa 28 Okutobala 2014. Si mabungwe ambiri amene mtsogoleri wawo amavomera kulakwa motero, ngakhale kuti kuvomerako kunadza madzi atafika kale m'khosi.

Olemba mapulogalamu nawo sanakhale manja lende kudikira. Mu Januwale 2006, John Resig anaonetsa jQuery pa msonkhano wa BarCamp ku New York. Nzeru yake inali yosavuta: munthu atchule zinthu zimene akufuna m'kalembedwe ka CSS, jQuery ikazisake yokha n'kubisa kusiyana konse kwa ma browser. Mbidzi ya ma loop atatu ija inakhala mzere umodzi. Anthu anaikonda kwambiri moti opanga miyezo ndiwo anayamba kutsatira m'mapazi mwake. Njira ya querySelectorAll, yochita ntchito yofananayo popanda jQuery, inalowa m'ma browser, ngakhale mu Internet Explorer 8 ya 2009, ndipo chikalata chake cha Selectors API chinadzakhala Recommendation mu Febuluwale 2013, anthu ataigwiritsa kale ntchito kwa zaka. Mndandanda umene querySelectorAll imabweza si wamoyo. Phunziro la mizere yodumphidwa lija linali litamveka.

Mbidzi yeniyeniyo inamasulidwa ndi CSS. Selectors Level 3, imene inavomerezedwa mu Seputembala 2011, ili ndi nth-child, njira youzira browser kuti mzere wachiwiri uliwonse ukhale wotuwa popanda script n'imodzi yomwe. Internet Explorer 9 ya chaka chomwecho inaimva, ndipo ma browser ena anali ataimva kale. Mu 2013 Web Standards Project inalengeza kuti ntchito yake yatha, n'kutseka.

Izi sizikutanthauza kuti loop ya m'tebulo inafa. CSS imadziwa malo a kabokosi, koma siwerenga zimene zalembedwamo. Singadziwe kuti 38 ndi malikisi olephera kapena kuti timu yakuti ili m'malo otsika ligi chifukwa cha mapointi ake. Pamenepo script imayendabe kabokosi ndi kabokosi. Chimene chinasintha ndi khalidwe: wodziwa ntchito lero sapaka utoto mwachindunji, amangowonjezera dzina la gulu kudzera mu classList, mtunduwo n'kukhala mu CSS, kuti tsiku limene abwana adzafune chikasu m'malo mwa chofiira adzasinthe malo amodzi.

Pali mbali ina ya W3C imene siitchulidwa kawirikawiri, koma wolemba nkhaniyi akuona kuti ndiyo yaphindu kuposa zonse. Mu 1997 bungweli linakhazikitsa Web Accessibility Initiative, yoona kuti anthu olumala asatsalire. Malangizo ake, WCAG, anatuluka mu Meyi 1999 n'kukonzedwanso mu Disembala 2008, ndipo amakhudza kabokosi kofiira kaja mwachindunji: mtundu wokha usakhale njira yokhayo yoperekera uthenga. Munthu wosaona amene kompyuta imamuwerengera tsamba mokweza samva kufiira, ndipo wosasiyanitsa mitundu sakuona. Script yopaka utoto iwonjezerenso mawu kapena chizindikiro. Malangizo omwewo amafuna kuti mitu ya tebulo ilembedwe ndi th, kuti makina owerengawo athe kunena kuti nambala iyi ndi ya mzere uti ndi mutu uti. Mayiko angapo anatenga WCAG n'kuiika m'malamulo awo, motero malangizo a bungwe lopanda apolisi anakapeza apolisi kwina.

Ku Africa kuno bungweli lafika mochepa. Linatsegula ofesi ya kum'mwera kwa Africa ku Meraka Institute ku Pretoria mu 2007, ndipo mu Epulo 2009 linachititsa msonkhano ku Maputo wokambirana za mafoni a m'manja pa chitukuko. Koma ntchito yake imakhudza wolemba Chichewa m'njira ina yachete. HTML 4.0 inatenga Unicode kukhala nkhokwe ya zilembo zake, ndipo n'chifukwa chake chilembo cha ŵ, chokhala ndi kadenga pamwamba, chimatha kukhala m'kabokosi ka tebulo osasanduka zinyalala. Inalolanso kuti tsamba, ngakhale kabokosi kamodzi kokha, kanene chinenero chake, ndipo chizindikiro cha Chichewa ndi ny.

Zaka zaposachedwa zinabweretsa mabala ena. Mu Seputembala 2017 W3C inavomereza Encrypted Media Extensions, muyezo wothandiza makampani a mafilimu kutseka makanema awo, ndipo bungwe lomenyera ufulu wa pa intaneti la Electronic Frontier Foundation linatuluka umembala pokwiya. Panthawiyo n'kuti W3C ndi WHATWG zikusindikiza zikalata ziwiri za HTML ndi ziwiri za DOM zosiyana pang'onopang'ono, zomwe ndi matenda omwe aja amene bungweli linabadwira kudzachiza. Pa 28 Meyi 2019 mbali ziwirizi zinasainirana mgwirizano wakuti chikalata chikhale chimodzi, ndipo chizisungidwa ndi WHATWG, yomwe komiti yake yotsogolera ndi ya Apple, Google, Microsoft ndi Mozilla. W3C inatsala ndi CSS, WCAG ndi miyezo ina yambiri, koma mapu a tsamba amene inalemba mu 1998 anachoka m'manja mwake.

Mu Januwale 2023 mlendo uja anamanga nyumba yake. W3C inalembetsedwa ku America ngati bungwe losapanga phindu, lokhala ndi bodi yakeyake, pamene MIT, Keio, ERCIM imene inalowa m'malo mwa INRIA mu 2003, ndi yunivesite ya Beihang ya ku China imene inalowa mu 2013, zinasiya kukhala eni nyumba. Chaka chomwecho udindo wa Director, umene Berners-Lee anali nawo chiyambire 1994 ndipo unkamupatsa mawu omaliza pa mkangano uliwonse, unachotsedwa m'ndondomeko, ndipo Seth Dobbs anasankhidwa kukhala mkulu woyendetsa bungweli.

Nanga makomo awiri aja a 1998? Script yolembedwa nthawi imeneyo ndi rows ndi cells ikugwirabe ntchito pa foni ya lero osasintha chilembo. Khomo la Netscape, document.layers, linagumulidwa kalekale. La Microsoft lili ndi nkhani yodabwitsa. Masamba akale ambiri ankayamba ndi kufunsa ngati document.all ilipo, pofuna kudziwa ngati mlendo wabwera ndi Internet Explorer, pamene ena ankangoigwiritsa ntchito osafunsa. Pofuna kuti magulu onse awiri asagwe, muyezo wa HTML wa lero umalamula browser kuti ikafunsidwa ngati document.all ilipo iyankhe kuti kulibe, koma wina akangolowa osagogoda, khomolo litseguke. Ecma inachita kuwonjezera ndime yapadera m'malamulo a JavaScript kuti bodza limeneli likhale lovomerezeka, ndipo Chrome, Firefox ndi Safari zonse zimalinena mofanana.